Bonsai Wanga Anapsa ndi Parafini

Zonsezi zinayamba ndi bando ya usiku. Tulo titandithawa, ndinkangoyendayenda pa YouTube mpaka ndinakumana ndi mzungu wina akunyadira kamtengo kake ka elm wa ku China. Kamtengo kolekeza m'bondo, koma thunthu lake lokalamba ngati la mtengo wa kumanda, kali phee m'kambale. Amati bonsai, mawu a Chijapani otanthauza mtengo wodzalidwa m'mbale. Chinandikola mtima n'chakuti mkuluyo sanayambire ku njere. Anasankha nthambi yonenepa kale, n'kuimeretsa mizu ili m'mwamba momwemo, kenako n'kuidula.

Ndinafunsa elm kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Wina anandionetsa paini, wina bulugamu. Ndiye maso anagwera pa mtengo wa magwafa wa mayi alandilodi, kuseri kwa nyumba yomwe tinkachita lendi ku Chibavi. Khungwa lake limasupuka mawangamawanga ngati la elm uja. Ndinati basi, elm wa ife amphawi ndi ameneyu.

Nzeru yake ndi yapafupi. Umalemba mizere iwiri ndi mpeni kuzungulira nthambi, n'kusenda khungwa lapakatipo, kenako umapala kakhungu koterera kotsalira pamtengopo, apo ayi bala limapola n'kulumikizananso. Madzi amakwerabe kudzera m'kati mwa mtengo, choncho masamba safota. Koma chakudya chochokera kumasamba chimatsika cham'khungwa, ndiye chikapeza mlatho waduka chimaunjikana pomwepo, mizu n'kutuluka. Pabalapo umakutirapo ndere zonyowa, n'kukulunga ndi pulasitiki.

Mzungu uja ndere zake anachita kugula. Ine wa ku Mzuzu kugula ndere? Ndi mvula yathu ino, khoma la bafa limamera zokha. Ndinakapala 5 koloko m'mawa, mpeni uli m'manja, kuopa kuti anthu angandiseke. Ndinakulunga ndi jumbo yakuda poti mizu sifuna kuwala, ndipo chingwe chitasowa ndinamangira ulusi wofiira wa mayi akunyumba wolukira zipewa. Ndinamanga nthambi zitatu kuti ina ikakanika ina igwire. Lamulungu lililonse kukamada ndinkabaya mitoloyo ndi jakisoni wa madzi kuti isaume.

Tsono taganizirani: mitolo yakuda, ulusi wofiira, bambo wa tayi akuibaya jakisoni chamadzulo, nthawi zina akuilankhula. Ine sindinaonepo vuto.

Ana a aneba anasiya kuba magwafa, ine n'kumati akula. Mayi wapafupi anasiya kudzapempha mchere. Nkhuku za alandilodi zitayamba kugwa ndi chitopa, moni wanga ankangoyankhidwa ndi mutu. Choipa kwambiri, mandasi a mayi akunyumba ankatha 9 koloko isanakwane.

Sabata yachisanu ndi chitatu, ndikuchokera kuntchito pa kabaza, ndinamva makolasi chapatali. Ndinati kaya ndi maliro a ndani. Kufika, khamu lili pakhomo panga, mayi alandilodi amanga chitenje m'chiuno, pambali pawo pali mtumiki wa suti yoyera ndi kabotolo ka mafuta. Nthambi ziwiri zinali zitagwetsedwa kale ndi chikwanje.

"Aphunzitsi, bwerani mumasule nokha katundu wanu," anatero mayiwo.

Ndinamasula. Abale inu! Mizu yoyera mbee, yonenepa ngati supageti, itapota ndere zonse mpaka kukanikiza pulasitiki. Ya mzungu uja inachepa. Ndinaiwala khamu, ndinaiwala mtumiki, ndinakweza nthambi m'mwamba n'kukuwa kuti, "Zatheka!"

Kunangoti zii. Kenako mayi wina kumbuyo: "Mwamva nokha? Akuti zatheka!"

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse vidiyo. Bando itatha. Kachizindikiro kaja kankangozungulira, anthu n'kumabwerera m'mbuyo ngati nakonso ndi mankhwala.

Ndinayesa pakamwa. "Mayi, si zimene mukuganizazo. Ndimangofuna mtengo woti uzikalamba koma usakule."

"Usakule?" Mayiwo anagwira pamtima. "Geni yanga ya makala chaka chino ikungokhala pamodzimodzi. Mdzukulu wanga wabwereza Sitandade 5. Kani nkhani yake ndi imeneyi!"

"Ayi mayi, ndi luso la ku Japan."

"Mpaka ku Japan!" anatero mtumiki, akupukusa mutu momva chisoni. "Ena amangothera ku Tanzania konkuno."

Parafini anabwera msanga kuposa mmene amabwerera magetsi akazima. Mtengo wauwisi suyaka bwino, ndiye unkalira tswii, thovu likutuluka kodulidwa kuja, anthu n'kumati mwamva chikulira. Inenso misozi inalengeza, ya utsi ndi ya mizu yanga, ndipo amayi awiri anagwirizana kuti ndalapa.

Moto utazilala, agogo ena aamuna omwe anangokhala chete pa njerwa nthawi yonseyi anandikodola. "Mwana wanga, ine ndinagwirapo ntchito ya m'dimba la zipatso. Mbande tinkapanga chonchi." Ndinawafunsa chifukwa chomwe sananenere poyamba. Akuti makolasi anali okoma.

Mwezi utatha tinasamukira ku Luwinga, nditalipira nthambi ziwiri ndi parafini yemwe. Mayi akunyumba anabisa mipeni ndi ulusi, ndipo anandiuza kuti tsiku lomwe adzandipeze ndikuyang'anitsitsa mtengo wa eni, adzakwera basi ya ku Dedza osatsanzika.

Koma mtolo wachitatu sanauone. Uli pamwamba, kuseri kwa masamba, mbali ya kuchimbudzi. Loweruka lapitali ndinadutsa dala kumeneko, ndinauona ukadali lende, wafufuma bwino. Ndikusaka mwana wolimba mtima wodziwa kukwera mumtengo, ndimulipira bwino. Vuto ndi loti ana onse a kumeneko akandiona amathawa.