Timayamba ndi mpando wa injini

Garaja yathu imagwira ntchito imodzi basi: kukonza ma Land Rover akale a Series IIA ndi Series III, aja a injini ya malita 2.25 omwe anasiya kupangidwa mu 1985. Tinasankha zimenezi titaona kuti eni ake ambiri amataya ndalama pa kilatchi, radiyeta ndi ekizozi, pomwe choyambitsa mavutowo chili marabala anayi omwe injini ndi giyabokosi zimakhalirapo. Awiri ali kutsogolo m'mbali mwa injini, awiri ali kumbuyo kwa giyabokosi. Amakaniko amangoti ma mounting.

Rabala ikafooka, injini imatsika kapena kupendekeka. Fani imayamba kukhula chotchingira radiyeta, mapaipi a madzi amakokeka, ekizozi imang'aluka pafupi ndi manifold, chitsulo chomwe utsi umatulukira mu injini. Galimoto imadumphadumpha ponyamuka, chifukwa akisereta ya Series imalumikizidwa ndi ndodo zachitsulo, ndiye injini ikagwedezeka mafuta amadzionjezera okha. Ma mounting akumbuyo ndiwo amavutika kwambiri. Handibuleki ya galimotoyi imagwira kumbuyo kwa transfer box (bokosi lolumikizidwa ku giyabokosi, logawira mphamvu ku mateyala akutsogolo ndi akumbuyo), osati pamateyala, choncho mukaimika pachitunda katundu yense amathera pa marabala awiriwo. Komanso oyilo wodontha amawanyowetsa mpaka rabala kufewa ngati phala. N'chifukwa chake kwathu sitisintha imodzi, timasintha zonse zinayi, ndipo podontha oyilo timatseka kaye.

Pogula, nenani ngati injini ndi ya petulo kapena ya dizilo, pakuti marabala ake amasiyana. Yang'ananinso manati. Magalimoto akale ali ndi manati a mainchesi, pomwe injini zopangidwa kuyambira 1980 zinabwera ndi a mamilimita. Sipanala ya 14 pa nati ya 9/16 siilowa, ya 15 imaterera n'kudya ngodya zonse.

Ntchito timayamba dzulo lake pothira mafuta omasula dzimbiri pa manati onse. M'mawa galimoto imaima pamalo osalala, mateyala onse atatsekeredwa ndi matabwa, batire itachotsedwa. Jeke timaika pansi pa sampu, chotengera oyilo cha pansi pa injini, koma pakati pamakhala thabwa lalikulu lophwatalala. Jeke yopanda thabwa imapinda sampu, ndipo sampu yopindika ikhoza kutseka pomwe pampu imakokera oyilo. Timamasula manati mbali zonse ziwiri, koma timachotsa rabala mbali imodzi yokha panthawi. Injini imakwezedwa masentimita 2 kapena 3, ongokwanira kuti rabala ituluke, munthu wina ali maso pa fani ndi mapaipi. Zala siziloledwa pakati pa injini ndi chasisi.

Rabala yakale ikatuluka timapala dzimbiri pachitsulo cha chasisi ndi kufufuza ming'alu. Chikakhala chong'aluka chiwotcheredwe kaye, apo ayi rabala yatsopano siikhalitsa. Ikamakana kulowa timaipaka madzi a sopo. Girisi ayi, amadya rabala.

Pomwe ambiri amalakwa ndi pomanga. Amamangiratu mbali yoyamba injini ikadali m'mwamba, kenaka mbali yachiwiri mabowo sakumana, ndiye amakankha ndi chitsulo mpaka bauti italowa mokakamiza. Rabala yotero imakhala yopotoka kuyambira tsiku loyamba, ndipo imasupuka pachitsulo chake msanga. Ife timalowetsa manati onse ndi dzanja, pamodzi ndi mawashala ake atsopano, n'kutsitsa jeke pang'onopang'ono mpaka injini itakhazikika ndi kulemera kwake konse. Timaigwedeza kangapo kuti ipeze malo ake. Pamenepo ndiye timamanga, kutsogolo kenaka kumbuyo.

Tisanabwezere batire timaona waya wa earth, wobwezera magetsi ku batire, wochokera ku injini kapena giyabokosi kupita ku chasisi. Rabala siidutsa magetsi, ndiye wayayo akaiwalika, mphamvu ya sitata imadzera mu kebulo ya choke kapena ya speedometer n'kuiotcha.

Tikaliza injini timayeza ngati fani yatalikirana mofanana ndi chotchingira chake mbali zonse, ndipo timalowetsa magiya onse, a low range (oyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu) omwe. Mwini galimoto timamupempha abwerenso akayenda makilomita 200 kuti tidzakhwimitse manati, ndipo pa ulendo umenewo sitilipiritsa.