Makhadi 112 m'chitini, ndipo a Chipata anyamuka

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kupita ku positi ofesi m'mamawa, dzuwa la Okutobala lisanayambe kulasa pamutu. Kwa milungu itatu bokosi langa linali pululu, koma tsiku limeneli ndinapezamo makhadi atatu atasanjikizana: lina la ku Germany, lina la ku Netherlands, lina la ku Taiwan. Sindinapirire mpaka kunyumba. Ndinakhala pakhonde pomwepo, njinga nditaitsamiritsa kukhoma, n'kuwawerenga onse.

Ndi atatuwa, mapositikhadi amene ndalandira afika 112, ochokera m'mayiko 29. Pamene ndinalemba komaliza mu Juni anali 94. Otumiza ndatumiza 121, ndipo 7 mwa amenewa anasochera panjira.

Kwa inu amene mukuwerenga koyamba, makhadi ambiri ndimasinthana kudzera pa tsamba la pa intaneti la Postcrossing, limene anayambitsa Paulo Magalhães wa ku Portugal mu 2005. Umapempha adiresi, amakupatsa ya munthu amene sukumudziwa, pamodzi ndi nambala yoti ulembe pakhadipo. Nambala zathu za ku Zambia zimayamba ndi ZM. Khadi likafika, wolandirayo amalembetsa nambala ija, ndipo adiresi yako imagwera m'manja mwa munthu winanso kuti akutumizire. Amene wamupatsa si amene adzakupatse. Amai a kunyumba nditawafotokozera anati, "Ndiye chilimba chimenecho, koma cha anthu osadziwana." Ananena zoona. Kupatsa n'kuika, kungoti kuno umaika kwa mlendo.

La ku Germany ndi limene landigwira mtima sabata yonseyi. Likuonetsa tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Cologne, nsanja ziwiri zakuda bii zitaloza kumwamba, pafupi pake mlatho wa njanji wodutsa mtsinje wa Rhine. Khadi lililonse ndimayamba ndalifufuza ndisanaliike m'chitini, ndiye madzulo ndinakhala pansi ndi foni. Maziko a tchalitchichi anayalidwa mu 1248. Mbali ya ku guwa itatha, mu 1322, anthu anayamba kupemphereramo, kwina kukumangidwabe. Mibadwo inasinthana mpaka ndalama zinatha, ntchito n'kuima. Pamwamba pa nsanja yosamalizidwa panatsala chimakina chamatabwa chokwezera miyala, ndipo chinakhala pomwepo zaka mazanamazana, ana n'kumabadwa, kukalamba, n'kumwalira akuchiona. Ntchito inayambiranso mu 1842 n'kutha mu 1880. Zonse pamodzi zaka 632. Nsanjazo n'zotalika mamita 157. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mzindawo unaphwasulidwa ndi mabomba, tchalitchicho chinalasidwa kangapo, koma chinatsala chili chilili pakati pa mabwinja.

Ndikuwerenga zimenezi maganizo anali pa tchalitchi chathu kuno ku Kapata, chimene chaima pa mawindo, chaka chachinayi tsopano. Tikakolola timapereka matumba a chimanga ndi mtedza, timaumba njerwa, khoma n'kukwera mizere iwiri kapena itatu, simenti nayo n'kukwera mtengo. Ena ayamba kutaya mtima. Lamulungu ndinaika khadilo m'thumba la malaya, ndipo titaweruka ndinawaonetsa akuluakulu a komiti ya zomangamanga. Mkulu wina wa imvi mutu wonse analigwira nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti amene anakumba maziko sanachione chitatha?" Ndinati, "Iyayi atate, ngakhale zidzukulu za zidzukulu zawo." Anangogwedeza mutu, n'kupempha kuti apite nalo akaonetse a kunyumba kwawo. Makhadi anga satuluka pakhomo kawirikawiri, koma limeneli ndinalola.

La ku Netherlands lili ndi zigayo za mphepo za ku Kinderdijk, zitandandalikana m'mbali mwa ngalande. Mwana wanga wamkazi, amene amabaya mapini pa mapu athu a pakhoma, anafunsa kuti, "Atate, nanga chimanga amathira pati?" Tinafufuza limodzi. Zigayo zimenezi zilipo 19, zambiri zinamangidwa cha m'ma 1740, ndipo sizigaya ufa. Ntchito yake inali kupopa madzi m'minda n'kuwakankhira kumtsinje, chifukwa deralo lili m'munsi kuposa nyanja. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lawo lili choncho. Ife mwezi uno zitsime zaphwa, azimayi akulawirira ku mjigo ndi zigubu, maso tonse ali kumwamba kudikira mvula, pomwe anzathuwo mibadwo yonse akhala akulimbana n'kuthamangitsa madzi. Mwanayo mpaka lero akufunsabe kuti anthu amagona bwanji tulo nyanja ili kuseri kwa khoma.

La ku Taiwan ndi nyumba ya Taipei 101, ya mamita 508, imene inali yaitali kuposa zonse padziko kuyambira 2004 mpaka Burj Khalifa ya ku Dubai itatsegulidwa mu 2010. Chimene chinandidabwitsa n'choti chakumwamba kwake anapachikako chimpira chachitsulo cha matani 660, kuti nyumbayo isagwedezeke kwambiri kukachita mphepo yamkuntho kapena chivomezi. Nyumba zagalasi sizinditenga mtima ngati za miyala, koma chimpiracho ndikufuna nditachiona.

Pa amene anafika mu Ogasiti nditchulepo limodzi, la ku Scotland. Palembedwa Blantyre. Apongozi anga aakazi, amene kwawo ndi tsidya la Mchinji, ataliona anakana kuti Blantyre saoneka choncho. Imeneyi ndi Blantyre ina, tauni yaing'ono pafupi ndi Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813 n'kuyamba kugwira ntchito mufakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa mishoni ku Malawi mu 1876 anatenga dzina kumeneko. Apongoziwo anapempha kuti ndiwawerengerenso kawiri.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandidyera nthawi miyezi inayi imeneyi, ya makhadi otuluka.

Chiyambireni ndakhala ndikutumiza nyama ndi mathithi: njovu zikuwoloka Luangwa, kambuku atagona pa nthambi, mvuu, ndi Mosi-oa-Tunya. Amenewa ndiwo amapezeka. Ndimatuma mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Mfuwe, kapena ndimagula ndikapita ku Lusaka. Ndi okongola ndipo anthu amawakonda. Koma mu Julayi mayi wina wa ku Finland, atalandira njovu yanga, anathokoza bwinobwino n'kuwonjezera funso, kuti kodi msewu umene ndimadutsa popita kuntchito umaoneka bwanji. Funsolo linandikhala pamtima. Ndinatsegula chitini n'kuona kuti anzanga amanditumizira kwawo kwenikweni: misika yawo, timasitima tachikasu ta m'misewu ya ku Lisbon, mlatho wa Charles ku Prague umene anayamba kuumanga mu 1357 ndipo anthu akuwolokapo mpaka lero. Ine ndinali kutumiza mathithi amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera pakhomo panga, amene nanenso ndinangowaona pa khadi. Ndinazungulira m'tauni monse mpaka ku Down Shops kufunsa khadi la Chipata. Silinapezeke ngakhale limodzi.

Ndiye ndinaganiza zopanga ndekha. Mwana wa mlongo wanga ali ndi foni yojambula bwino, ndipo tsiku lina mu Ogasiti tinakwera phiri la Kanjala m'bandakucha, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zisanaphimbe tauni. Ndakhala ku Chipata zaka zoposa 30 koma ndinali ndisanaimepo pamwamba paja. Ukafika pamenepo umaona mzinda wonse utakhala m'chigwa, mapiri atauzinga ngati mpanda, msewu wa Great East ukulowa kuchokera ku Lusaka n'kumapitirira cha ku Mwami. Mnyamatayo anayang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Amalume, ndiye chipata chenicheni chimenechi." Tinakhala pa mwala mpaka dzuwa linakhwima, tikulozerana malata a nyumba zimene tikuzidziwa.

Tinasankha zithunzi zinayi. Choyamba ndi cha paphiri chija. Chachiwiri ndi mzikiti wa ku Down Shops madzulo, dzuwa likuwala pa nsanja zake. Chachitatu ndi njinga za pa msika wa Kapata, zina zitasenza matumba a makala, zina anthu, chifukwa Chipata popanda njinga si Chipata. Chomaliza ndi milu ya mtedza ndi tomato pa thandala la mayi wina wogulitsa. Tinayamba tapempha, ndipo khadi litatuluka ndinawapititsira lawo. Analikhomera pa mtengo wa shedi yawo.

Kusindikiza kunandiphunzitsa zambiri. Poyamba ndinagwiritsa ntchito pepala la zithunzi wamba. Linali lopyapyala, kumbuyo kwake koterera, inki ya bolopeni imafufutika ukakhudza ndi chala, ndipo sitampu imamatuka ikangouma. Khumi oyambawo ndinangowasunga. Ulendo wachiwiri ndinapempha pepala lolimba ngati la makhadi a ukwati, lowala kumaso kokha, kukula kwake masentimita 10 kwa 15. Limeneli lagwira. Ndinasindikiza 40, khumi pa chithunzi chilichonse. Kumbuyo, pakona, ndinaika mizere itatu ya m'Chingelezi yonena kuti mzindawu kale unkatchedwa Fort Jameson, kuti unali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndi kuti unakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Malo otsalawo ndimalemba pamanja: tsiku, kutentha kwa kunja, zimene zayamba kupsa pamsika, ndi liwu limodzi lachinyanja ndi tanthauzo lake. Mwezi uno aliyense akulandira liwu lakuti mvula.

Oyamba ananyamuka pa 1 Okutobala. Ndinasankha dala tsiku limeneli chifukwa ndi limene positikhadi loyamba linatuluka ku Austria-Hungary mu 1869, ndipo osinthana makhadi amalikumbukira chaka chilichonse. Pofika lero ndatumiza 9. Si onse amene amafuna makhadi odzipangira, ndiye ndimayamba ndawerenga zimene munthu walemba kuti amakonda, ndipo wofuna nyama ndimamupatsabe nyama. Awiri afika kale. La njinga linafika ku Germany, ndipo wolandirayo anafunsa kuti thumba limodzi la makala limalemera bwanji, n'kunena kuti kwawonso amapita kuntchito pa njinga. La paphiri linafika ku Japan, kwa munthu amene anati wakapeza Chipata pa mapu n'kutsata msewu ndi chala mpaka ku Lilongwe. Mayi wa ku Finland uja ndamutumizira lake padera, likadali panjira.

Pali chithunzi chimodzi chimene ndasankha kusasindikiza. Kumapeto kwa Ogasiti ndinali ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalambira Kalonga Gawa Undi. Gule anatuluka wambiri, ndipo ndikudziwa kuti khadi la Gule Wamkulu anthu akunja angalikonde kuposa onse. Koma gule ali ndi eni ake. Kuonera pabwalo n'kwina, kumuika pa pepala lopita kwa anthu osadziwa mwambo n'kwinanso. Ndidzayamba ndakhala pansi ndi akuluakulu, akakana ndidzasiya. Chimodzimodzi mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale: ndikufuna chithunzi cha impi atanyamula zishango, koma ndidzapempha kaye.

Za kasungidwe, chitini cha mabisiketi chadzaza. Chinali cha malemu atate anga, ndipo pansi pake pali khadi limene linayambitsa zonsezi, la damu la Kariba, limene linamalizidwa mu 1959. Anawatumizira mbale wawo ine ndisanabadwe, ndipo ndili mwana ndinkalitulutsa mobisa kuti ndione khoma lija. Mvula isanagwe ndiyenera kusamutsira makhadi onse m'timatumba tapulasitiki, chifukwa chaka chatha chinyezi chinamatitsa awiri a ku Russia ndipo pomatula chithunzi chinasupuka. Chiswenso sindichikhulupirira, ndiye bokosi latsopano likhala pamwamba pa kabati, osati pansi pa bedi.

Pa mapu a pakhoma, Ulaya wadzaza mapini mpaka ena akusowa pobaya. Afirika ali ndi atatu okha: awiri ku South Africa, imodzi ku Malawi. Zimenezi zimandiwawa. Ndimadziwa maonekedwe a misewu ya ku Helsinki, koma ndilibe khadi la Tete, kapena Zomba, ngakhale la Petauke. Ngati muli ku malo amenewa ndipo mungathe kusindikiza chithunzi cha kwanu, ine ndili ndi makhadi a Chipata 30 akudikira. Mu Disembala, mapiri akabiriwira, tikwereranso Kanjala kukajambula kachiwiri, ndipo ndalama ya basi ikapezeka tipita ku Lundazi kukajambula hotela yakale yotchedwa Castle.