Mmene tinayendera ndi achimwene atagonekedwa ndi TB komanso kachilombo

Anthu angapo a kutchalitchi kwathu ku Mufakose, kuno ku Harare, akhala akundifunsa kuti zinayenda bwanji ndi achimwene, ndiye ndati ndingolemba kamodzi kuti wina zikamugwera asazungulire ngati mmene tinazungulirira ife. Eni ake andilola, angoti dzina lokha usatchule.

Achimwene anapezeka ndi kachilombo kalekale ndipo ma ARV ankamwa bwinobwino, koma atapita kukagwira ntchito ku Johannesburg anasiya, kabuku kawo kobiriwira kotengera ma ARV kaja kanatsala mu sutikesi kuno, uko ankaopa kupita kukiliniki chifukwa cha mapepala. Zaka ziwiri osamwa. Tsiku lomwe ndinakawachingamira pa Mbare akutsika basi ndinangoti mayo ine, lamba anachita kuboola mabowo ena awiri ndi msomali kuti buluku lisagwe. Usiku thukuta mpaka bulangete kunyowa, thupi kutentha, nsima kungodya mbamu ziwiri basi. Koma kutsokomola ayi, mwa apo ndi apo chabe, ndipo ichi ndi chomwe chinatipusitsa, tonse timadziwa kuti chifuwa chachikulu ndi cha munthu wokhosomola mpaka magazi, ndiye tinkangoti ndi malungo kapena maganizo. Masabata atatu tinataya tikugula mapanado ku famasi.

Atakomoka kubafa ndi pomwe tinapeza galimoto kuthamangira kuchipatala chachikulu. Tinakhala pa benchi kuyambira masana mpaka usiku, za zimenezo ndisakambe zambiri, mukudziwa kale. Chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, adokotala atafunsa kuti munayezetsapo magazi, achimwene anayang'ana pansi n'kunena kuti ayi. Alamu anga ali pomwepo chete. Ine mtima unandipweteka koma ndinawagwira dzanja n'kunena kuti achimwene pepani, ndinena ine, ndipo ndinanenadi kuti ali ndi kachilombo ndipo mankhwala anasiya zaka ziwiri zapitazo. Anandikwiyira masiku awiri osandiyankhula. Koma mawu amenewo ndi omwe anasintha zonse chifukwa adokotala nthawi yomweyo analemba zoyeza zina zomwe sakanafulumira kulemba.

Choyamba CD4, kuwerenga asilikali a m'thupi aja. Inatuluka 46. Anatiuza kuti ikatsika pansi pa 200 ndiye kuti matenda afika patali ndipo munthu wotero amayenera kufufuzidwa TB ngakhale asakutsokomola, chifukwa TB ndi yomwe imapha anthu ambiri omwe ali ndi kachilombo kuposa nthenda ina iliyonse. Chitetezo chikatsika chonchi TB siyikhala m'mapapo mokha, imamwazikira m'magazi, m'mimba, m'mianabere, ngakhale ku ubongo, ndiye munthu amangofota makhololo osatuluka.

Anabweretsa kabotolo koti alavuliremo makhololo a makina aja a GeneXpert, omwe amaona TB komanso ngati ili yosamva mankhwala ake otchedwa rifampicin. Achimwene anayesa, anayesa, kutuluka malovu okhaokha. Kabotolo kanagona pa loka usiku wonse kopanda kanthu. M'mawa sisita wina wachikulire, kuno timangoti mbuya, anati musavutike tiyeza mkodzo. Ine kudabwa kuti TB mumkodzo? Kali ngati kachipangizo koyezera mimba kaja, amati LAM, amadonthezapo mkodzo pang'ono n'kudikira mphindi 25. Ndinaima pomwepo kuyang'ana mizere iwiri ikutuluka, wachiwiriwo wooneka bwino osachita kufinya maso. Bungwe la WHO linavomereza kayezedwe kameneka mu 2015 ndipo kafukufuku wina yemwe anachitikira m'zipatala za mayiko anayi, Zimbabwe yomwe ino, Zambia, Tanzania ndi South Africa, anaonetsa kuti odwala ogonekedwa akayezedwa mkodzo chonchi imfa zimachepa, kwathu ku Zomba nakonso anachitako kafukufuku wofanana. Ndiye ngati m'bale wanu ali ndi kachilombo ndipo wagonekedwa, funsani mwaulemu kuti kodi LAM mwapanga, si mwano ayi. Kungoti ikatuluka kuti mulibe sizitanthauza kuti TB palibe, amapitiriza kufufuza.

X-ray inabwera tsiku lotsatira, adokotala anaikweza pa windo kundionetsa timadontho toyera tating'onoting'ono mapapo onse ngati wina wamwaza mawere. Anatenganso magazi kuyeza cryptococcus, kafangasi kamene kamayambitsa nthenda youmitsa khosi, ndipo ankafunsa mobwerezabwereza za mutu, ukupweteka? khosi likuuma? mukuona bwino? Ine ndinkaona ngati akutitayitsa nthawi koma kenako ndinamva chifukwa chake, ngati matenda afika ku ubongo ma ARV sayambidwa msanga, amadikira masabata angapo, apo ayi munthu atha kutupa ubongo. Mwamwayi achimwene analibe.

Mankhwala a TB anayamba tsiku lomwelo la mkodzo, osadikira makhololo. Anawakweza pa sikelo, 44 kg, bambo wamtali ngati uja. Sikeloyo ndi yofunika chifukwa mapilitsi amawerengera kulemera, iwo anawapatsa atatu patsiku, m'pilitsi limodzi muli mankhwala anayi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Amenewa ndi a miyezi iwiri yoyamba, kenako miyezi inayi ya mankhwala awiri okha. Pamwamba pake pyridoxine woteteza dzanzi ndi kutentha kwa kumapazi, ndi cotri, bactrim uja. Amamwa m'mamawa m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lachiwiri anandiimbira foni akunjenjemera kuti achemwali ndikukodza magazi, pomwe ndi rifampicin chabe, amasandutsa mkodzo ngati Fanta, thukuta ndi misozi yomwe, palibe choopsa. Choopsa chomwe anatichenjeza ndi maso kuchita chikasu, kusanza kosalekeza, zidzolo thupi lonse kapena kuyamba kuona mwachimbuuzi, zimenezo osagona nazo kunyumba.

Za kuwodi, kuno si ngati kumudzi komwe gadiyani amayala chitenje pansi pa bedi n'kugona pomwepo. Kuno umalowa nthawi yoona odwala basi, ikatha belu panja. Ndiye ine ndimakwera kombi kawiri patsiku ndi fulasiki ya phala la nsinjiro ndi mazira owiritsa, ndipo ndinagula kakope komwe ndinkalembamo chilichonse, dzina la mankhwala, zomwe ayeza, zomwe zatsala, chifukwa madokotala amasinthana ndipo wodwala mwini wake mutu sumagwira. Mankhwala a TB ndi ma ARV sitinalipire kalikonse, ndi aulere, koma musapite chimanjamanja, zoyeza magazi zina anatituma kukapangitsa kunja ndipo mankhwala ena ang'onoang'ono tinagula tokha ku famasi, EcoCash yanga, ndalama za mufoni zija, inauma sabata imeneyo.

Ma ARV anayambiranso patatha masiku khumi, amati asapitirire masabata awiri chiyambireni mankhwala a TB. Asanawapatse anabwera wauphungu kudzacheza nawo za chomwe anasiyira, sanawakalipire ayi, ndipo mpamene achimwene anayamba kumasuka. Apa pali kanthu kamene anthu ambiri amasokoneza. TLD, ma ARV omwe muli mankhwala otchedwa dolutegravir, ndi pilitsi limodzi patsiku eti, koma rifampicin amachititsa kuti chiwindi chichotse dolutegravir msanga m'thupi, ndiye amakuwonjezera kapilitsi kena ka dolutegravir ka 50 mg koti umwe patatha maola 12. Ife tinapanga TLD 7 koloko madzulo, kakang'onoko 7 koloko m'mawa, alamu anatchera alamu pafoni, inde tinaseka nazo zimenezo. Tsiku lotuluka kapilitsi kameneka sikanali m'thumba la mankhwala, ndinazindikira tili pageti chifukwa cha kakope kanga kaja, ndinabwerera kukafola kachiwiri.

Anatuluka patatha masiku 16 ndi kalata yopita kukiliniki ya khansolo yapafupi ndi kwathu, kumeneko ndi komwe amatsegula kadi ya TB, kulumikiza ndi mbali ya OI yopereka ma ARV ndi kufunsa kuti ndani aziwaonerera akumwa. Ndinalembedwa ine. Anatinso tonse a m'nyumba tibwere, alamu, ana awiri, ine ndemwe. Palibe anapezeka nayo koma anatipatsa mankhwala oteteza a miyezi itatu, anga anali omwa kamodzi pasabata, maulendo 12. Mawindo kutsegula ngakhale kuzizira kwa mu June, ana tinawasamutsira kuchipinda china masabata oyambawo.

Pomwe tinatsala pang'ono kutayika ndi apa. Patatha masabata ngati atatu chiyambireni ma ARV, munthu yemwe anayamba kudya n'kumaseka uja thupi linatenthanso, pakhosi panatupa mwanabere wamkulu ngati dzira. Azakhali anabwera kuchokera ku Epworth n'kunena kuti mwaona, mankhwala achuluka akumuphetsa mwana, musiyitseni tipite naye kwa mapostori akamupempherere. Kukangana ndi azakhali si chinthu chapafupi, ndinangogwada n'kunena kuti azakhali kupemphera tipemphera limodzi koma mundilole ndikamuonetse kaye mawa. Kuchipatala anayeza zina n'zina kuti aone ngati palibe nthenda ina kapena TB yosamva mankhwala, kenako anati ndi IRIS, asilikali a m'thupi akadzuka amayamba kumenyana ndi TB mwaukali ndiye munthu amaoneka ngati wabwerera m'mbuyo. Sanasiyitse pilitsi ngakhale limodzi, anangowonjezera prednisolone wa masabata ochepa, chotupa chija chinaphwa pang'onopang'ono. Azakhali mpaka lero amati ndi mapemphero awo, ine sinditsutsa.

Mowa ndiye inali nkhondo ina, atangopeza mphamvu anzawo anayamba kuwaitana ku Chibuku, ndinachita kukawauza anzawowo pamaso kuti chiwindi chili kale pantchito yaikulu, mukafuna kuwaona bwerani ndi nthochi.

Pamwezi wachiwiri makhololo anatuluka ndithu ndipo anali bwino, anawasinthira ku mankhwala awiri aja. Pamwezi wachinayi sikelo inati 56 kg ndiye mapilitsi anakwera kuchoka pa atatu kufika anayi, iwo kudandaula kuti ndikuchira bwanji mukundiwonjezera, mbuya anangoseka n'kuti thupi lakula bambo. Anamaliza miyezi isanu ndi umodzi, kadolutegravir kam'mawa kaja anapitiriza masabata ena awiri atasiya rifampicin monga anatiuzira, kenako n'kutsala ndi TLD ndi cotri basi. Viral load, kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, anatenga sabata yatha, zotsatira tikatenga Lachinayi, ndipo akuti akufuna kubwerera ku Johannesburg mu January, ndiye tikakapita tikafunsanso za kalata yosamutsira mankhwala kuti ulendo uno kabuku kobiriwira kapite nawo.