Wodwala wa khosi lovuta: mmene ndimachitira asanagone ndiponso atagona

Ntchito yanga ndi yogoneka odwala ku fiyeta. Ndikapereka mankhwala ofooketsa minofu, munthu amasiya kupuma yekha, ndipo ngati mpweya sukulowa, ubongo umayamba kuwonongeka m'mphindi zochepa chabe. N'chifukwa chake khosi lovuta, lomwe n'kovuta kulowetsamo chubu chopumira, ndimafuna kulidziwa wodwala adakali maso.

Ndimayambira ku wodi. "Mayi, takhalani tsonga. Yasamulani kwambiri, mutulutse lilime, koma musatulutse mawu." Ndimasuzumira ngati kanyama kolendewera kukhosi kaja kakuoneka. Kuyeza kumeneku anakufalitsa dokotala wina dzina lake Mallampati mu 1985, ndipo ukangoona denga la mkamwa lokha, konzekeratu. Kenako ndimaona ngati zala zitatu zikukwana pakati pa mano, ngati khosi likupindikira kumbuyo, ndiponso mtunda wochokera pachibwano kufika pakafupa kotumphuka pakhosi. Ukachepera masentimita 6.5, ndi chenjezo. Ndimafunsanso za mkonono ndi mano ogwedera. Chithokomiro chachikulu ndi zipsera za moto zimaoneka zokha. Wondidetsa nkhawa kwambiri ndi mayi woyembekezera wotupa chifukwa cha BP, poti m'khosi namonso mumatupa, ndipo mpweya umamuthera msanga.

Kenako ndimadzifunsa: kodi m'pofunikadi kumugoneka? Ngati opaleshoni ili kumunsi kwa mchombo, jakisoni wa pamsana nthawi zambiri amakwana. Ngati chotupa chikupanikiza kholingo mpaka munthu akupuma mwaphokoso, ndimauza adokotala kuti timutumize kuchipatala chachikulu. Pamenepa sindigonja, ngakhale achibale atadandaula za thiransipoti.

Tikaganiza zomugoneka, ndimayala zida pamene dzanja lingafike: laryngoscope (chida chounikira kholingo) yoyaka bwino ndi ina yapadera, machubu opumira a saizi 7.0, 6.5 ndi 6.0, bougie (kandodo kopindika kotsogolera chubu), laryngeal mask (chipangizo chopumitsira chokhala pamwamba pa kholingo), mpeni wa nambala 10, ndi makina oyamwa malovu oyatsiratu. Ndimapinda nsalu n'kuziika pansi pa mapewa ndi mutu mpaka khutu lilingane ndi kadzenje ka pamwamba pa chifuwa. Okosijeni ndimapereka mphindi zitatu zathunthu, masiki itamata bwino. Ndipo dongosolo ndimalinena mokweza: "Asisita, chubu chikakana katatu tisiya, mundipatse laryngeal mask."

Malire amenewa ali m'malangizo a bungwe la Difficult Airway Society la ku Britain a 2015: kuyesa katatu, kachinayi akhale wodziwa kuposa iwe. Ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Kuyesa kulikonse kumatupitsa kholingo ndi kutulutsa magazi, moti khosi lomwe limalola masiki limatha kutsekeratu. Ndiye pobwereza ndimasintha kanthu, kaya mutu, kaya kulowetsa bougie, kaya asisita akanikize pakholingo, ndipo pakatipo ndimapopa okosijeni. Chubu chikalowa, capnograph, makina oonetsa mzere wa mpweya wotuluka m'mapapo, ndiyo imatsimikiza. Mzere ukapanda kuoneka, chubu chapita kunjira ya chakudya. Komwe makinawa kulibe timamvetsera mbali zonse za chifuwa ndi pamimba, koma makutu amanama. Ndikakayika, ndimachotsa chubucho.

Laryngeal mask ikagwira ndipo opaleshoni ingathe kudikira, wodwalayo timamudzutsa. Ikakana, masiki nayonso n'kukana, nambala ya kachipangizo ka pachala koyeza okosijeni ikutsika, chatsala n'kuboola pakhosi. Dzanja lamanzere ligwire kholingo, mpeni ulowe chopingasa pamalo ofewa apansi pa kafupa kotumphuka kaja, utembenuzidwe kuthwa kuloze kumapazi, bougie itsetsereke m'mbali mwake, kenako chubu cha 6.0. Izi timaziyeserera pachidole kawirikawiri, chifukwa nthawi imeneyo siyoyamba kuganiza.

Pochotsa chubu ndimadikira mpaka wodwala atsegule maso ndi kumva ndikamuitana, zida zija zili pompo. Akatsitsimuka ndimalemba zonse m'buku lake la kuchipatala, n'kumuuza pamaso pa womudikirira: "Mayi, mukadzapitanso ku opaleshoni kulikonse, mudzawaonetse tsamba ili asanakugonekeni."