Lachinayi, za mwendo wa kalavani wopindika

Mtima sunakhale pansi chichokereni achikulire aja pagalaja. Anabwera masana atanyamula mwendo wa pakona ya kumbuyo kwa kalavani, kanyumba kogonamo kokokedwa ndi galimoto, utapindika pakati, bawuti yake yaitali ija mazinga atatheratu. Ndi akwathu, akhalitsa kuno ku Joni, ndipo mu Disembala akufuna kukokera kalavaniyo kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, akagone nayo kunyanja ku Senga Bay ndi adzukulu.

"Amisiri, ndipezereni miyendo yolimba. Iyi ndi yachabechabe, ndangokweza pang'ono basi yapindika."

"Mumakweza chiyani, achikulire?"

"Tayala linaphwa. Ndinapukusa mwendo wakumbuyo ndi wakutsogolo a mbali imodziyo mpaka tayala linachoka pansi."

Nkhani yonse yagona pamenepa. Kunsi kwa kalavani kuli ntchito zitatu zosiyana, kukweza, kuwongola kuti isapendekeke, ndi kuletsa kugwedera, ndipo iliyonse ili ndi chida chake. Kukweza ndi kwa jeke. Kuwongola ndi kwa matabwa oponda tayala pamodzi ndi jockey wheel, kagudumu ka kutsogolo kaja. Miyendo inayi ya m'makona yake ndi yomalizayo basi, kuti munthu akamayenda m'kati kapena kutembenuka pabedi, nyumba yonse isamagwedere naye.

Anatulutsa foni n'kundionetsa mwendo wolembedwa 1,000 kg. "Nanga uwu, sungakweze?" Nambalayo ikunena katundu amene mwendo ungachirikize utangoima, osati amene ungakankhe m'mwamba mukupukusa. Komanso mwendo ukapirira, wagwira pa chiyani? Pa makalavani ambiri oyenda pa tala umamangidwa ku thabwa la pansi ndi kachitsulo kopyapyala ka kumapeto kwa chesisi. Mukanyamula kona imodzi, thupi lonse limapotoka. Choyamba kudandaula ndi chitseko, chimayamba kukana kutsekeka. Chachiwiri chimadza mochedwa: molumikizana makoma ndi denga mumatseguka timing'alu, mvula n'kumalowa, mitengo ya m'kati mwa khoma n'kumawola mwini wake osadziwa. Mwendo wolimba kwambiri sukuchotsa vutolo, ukungolisamutsa. M'malo moti upindike wokha, chinthu chotsika mtengo chosinthika ndi mabawuti ochepa, chimang'ambika ndi thabwa la pansi.

Mawu amenewa sanawakomere. Anakhala chete, kenaka anati, "Chabwino. Likaphwa ku Tete nditani?" Funso labwino, ndipo pamenepa tinachezapo nthawi yaitali.

Pa kachitsulo kolembedwa ka kalavani yawo akuti ikadzaza imafika makilogalamu 1,400, ekiselo imodzi. Ndiye kuti tayala lililonse lasenza pang'ono kuchepera 700. Jeke ya botolo ya matani awiri ikukwanira, mphamvu n'kutsalako yambiri. Anthu amathamangira ya matani asanu poganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino, n'kukazindikira pamsewu kuti sikulowa kunsi. Chofunika kuyeza ndi msinkhu. Tayala likaphwa, kalavani imatsika ndi masentimita khumi kapena kuposa. Ndiye phwetsani tayala dala muli pakhomo, muyeze kuchokera pansi kufika pamalo oikapo jeke, muchotsepo kunenepa kwa thabwa loyala pansi. Jeke itatsika yonse iyenera kuchepera pa muyeso umenewo. Kenaka muone ngati ikakwera mpaka kumapeto ikusiya mpata woti tayala la sipeya, lodzaza mpweya, lilowe. Majeke ambiri a botolo amalephera pa chimodzi mwa ziwirizi. Ikalephera, sankhani yokwera magawo awiri, kapena jeke ya sizasi yolemera bwino, yomwe ndi yaifupi ikatsika. Njira ina ndi kukoka kalavani pang'ono kuti tayala lophwalo likwere pa thabwa, mpata n'kupezeka.

Malo oikapo jeke ndiwo ovuta kuposa jekeyo. Ekiselo ya mphira, ija ilibe masipuling'i a zitsulo, ndi paipi yokhala ndi mphira m'kati. Mukaibaya pakati ndi mutu wa jeke imabonyoka, tayala limayamba kuima mopendama n'kumadyeka mbali imodzi. Chesisi yopyapyala nayonso imapindika mukaika jeke paliponse. Malo ake ndi pa chitsulo chokhuthala chimene chagwirizitsa ekiselo ku chesisi, kapena pa zitsulo zoikapo jeke zimene opanga ena, monga AL-KO, amagulitsa kuti zimangidwe m'mabowo omwe alipo kale kuseri kwa tayala. Chesisi zoterezi saziboola kapena kuziwotcherera mwachisawawa. Buku la kalavani limasonyeza malowo, ndipo ndi tsamba loyenera kulijambula pa foni musananyamuke.

Anafunsanso za Hi-Lift, poti anzawo a magalimoto a m'tchire onse ali nayo. Ndi jeke yabwino pa ngolo za m'tchire zokhala ndi malo achitsulo opangidwira iyo. Pa kalavani ya makoma opyapyala ilibe pogwira, ikatsetsereka imang'amba khoma, ndipo chogwirira chake chikabwerera mwadzidzidzi chimathyola chibwano. Kwa iwo ayi.

Posintha tayala, kalavani ikhale yokolekedwa ku galimoto. Ichi ndinachibwereza kawiri. Galimoto ndiyo ikuletsa kalavani kuzungulira pa tayala latsalalo n'kugwa pa jeke. Mabuleki a pamanja onse awiri, a galimoto ndi a kalavani, akokedwe, tayala la mbali inayo litchingidwe kutsogolo ndi kumbuyo, manati amasulidwe pang'ono tayala likadali pansi. Mukakweza, tsitsani miyendo ya mbali imeneyo ingokhudza pansi ngati chitetezo, ndipo muikumbukire kuikweza musanatsitse jeke, apo ayi kalavani yonse idzakhalira iyo n'kuipinda. Kunsi sikulowa munthu popanda chitsulo chochirikiza. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Manati amangidwe modumphitsa, ndipo mukayenda makilomita 50 muime muwayesenso.

Kunja kwada tsopano, ndipo chikundinyong'onya si achikulirewo. Ndi ogulitsa amene munthu akalowa n'kunena kuti mwendo wapindika, iwo amangoloza wokulirapo pashelefu osafunsa kuti unapindika bwanji. Funso limodzi lokha likanapulumutsa thabwa la pansi la kalavani zambiri. Ndiponso pali chizolowezi chatsopano chopukusa miyendo ndi mfuti yomangira manati ya batire. Mutu wa bawuti ya miyendo yambiri ndi wa mamilimita 19, soketi imalowa bwinobwino, ndiye anthu amaona ngati m'pololedwa. Mfutiyo imamenya, ndipo kumenyako kumadya mazinga. Makina oboolera wamba, oyendetsedwa pang'onopang'ono, alibe vuto potsitsa mwendo mpaka pafupi ndi nthaka, koma kumaliza kwake kukhale kwa dzanja, kuti mumve pamene wagunda. Ukagunda, onjezani theka la mpukuso, basi.

Za kuwongola tinazilowa mochedwa, atayamba kale kuyang'ana wotchi. Dongosolo lake silisinthika. Mumayamba ndi kupendekeka kwa m'mbali, kalavani ikadali ku galimoto, chifukwa mukaimasula mulibenso chokwezera tayala pa thabwa. Ikani levulo pansi m'kati, pakati pa matayala, mopingasa. Levulo ya amisiri omanga nyumba, ngakhale yaifupi, imachita bwino. Mbali yotsika ndiyo muikwezere pa matabwa. Masamu ake ndi osavuta: digiri imodzi ndi mamilimita 17 ndi theka pa mita iliyonse. Matayala a kalavani atalikirana pafupifupi mamita awiri, ndiye malo opendekeka madigiri awiri akufuna mamilimita 70. Thabwa la paini la 38 kwa 228, lopezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira kuno, awiri osanjikiza akupereka 76. Dulani atatu, lapansi lalitali, lililonse lapamwamba lofupikirapo, nsonga zake zosemedwa mopendeka kuti tayala likwere osalikankha. Thabwa likhale lotambalala kuposa tayala. Tayala loponda theka, theka lili lende, limavulala mawaya a m'kati. Zokwerapo zapulasitiki za masitepe n'zopepuka ndipo zimatsukika, koma onani kulemera kolembedwapo, komanso pa mchenga zimafuna thabwa kunsi. Wa maekiselo awiri akweze matayala onse awiri a mbali yotsikayo mofanana.

Mbali zikafanana, kokani buleki, tchingani matayala, ndipo pamenepo m'pomasula ku galimoto. Tembenuzani levulo iloze kutsogolo, mupukuse jockey wheel mpaka kathovu kaime pakati. Miyendo ndiyo yomaliza.

"Zonsezi kuti madzi a m'kapu aime bwino?" Anatero akuseka.

Si kapu, ndi furiji. Yawo ndi ya gasi, ya mtundu uja woyendera gasi, magetsi a m'nyumba kapena batire. Furiji yotere ilibe injini. Muli amoniya, madzi ndi haidirojeni, ndipo madziwo amabwerera okha kumphika wotenthetsera potsetsereka m'mapaipi. Ikapendekeka amaima panjira, mphika umatentha mopitirira, mankhwala oletsa dzimbiri amene ali m'katimo amauma n'kutseka kapaipi. Kakatsekeka sikatsegukanso, furiji yatha. Opanga ambiri amalola madigiri atatu okha m'mbali mwa furijiyo ndi asanu ndi limodzi kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Poyenda pamsewu palibe vuto chifukwa kugwedezeka kumayendetsa madzi. Vuto ndi kuima maola ambiri pamalo opendekeka ili yoyaka, ngakhale pa mzere wa pachipata cha dziko. Mafuriji a kompuresa, monga Engel ndi National Luna, sasamala zimenezi kwenikweni. Apa anasiya kuseka, poti mtengo wa furiji akuudziwa.

Ndiye pali nthaka. Ku Senga Bay ndi mchenga, ndipo Disembala ndi nthawi ya dzinja, pamene sipali mchenga pali matope. Phazi la jeke ya botolo ndi la masentimita khumi mbali zonse, kapena kuposa pang'ono. Makilogalamu 700 pa kamalo kotero ndi makilogalamu asanu ndi awiri pa sentimita imodzi ya sikweya, ndipo jeke imangomira. Thabwa la masentimita 30 mbali zonse limagawa katunduyo kasanu ndi kanayi, osafikanso kilogalamu imodzi. Likhale lokhuthala, pulayiwudi ya mamilimita 18 iwiri yomata pamodzi. Mwendo uliwonse ukhalenso ndi kathabwa kake, ndipo pamene nthaka yatsika musautambasule mpaka kumapeto, sanjikizani matabwa kuti uime mopendeka bwino. Mvula ikagwa usiku, m'mawa muzungulire kalavani ndi chopukusira. Tayala likamira pang'ono, katundu amasamukira pa miyendo mwakachetechete, ndipo ina imapindika motero mwini wake asanakweze kanthu. Girizi wambiri pa bawuti ya mwendo amakoka mchenga n'kusanduka chopalira. Tsukani ndi parafini, mupake mafuta opepuka pang'ono.

Miyendo anagulabe, koma ya saizi yomwe inalipo, ndipo anachita monyinyirika. Sindikudziwa ngati anakhutira kapena anangotopa nane.

Chimene sitinamalize ndi jockey wheel. Yawo yayamba kulimba popukusa, chizindikiro choti paipi ya m'kati yapindika, zomwe zimachitika mukakankha kalavani kagudumu katatambasulidwa mpaka kumapeto. Njira yake ndi kutsitsa paipi yonse pa chomangira, n'kupukusa pang'ono pokha. Ndipo ponyamuka kapukusidwe mpaka m'mwamba, kakwezedwe, kamangidwe zolimba, chifukwa kakatsika panjira mtumbira woyamba wa pamsewu ukazula. Chomangira chawo ndi cha mamilimita 48. Za saizi imeneyi zambiri zimalembedwa makilogalamu 150, zina zolimbirapo 300, ndipo za mamilimita 60 zimafuna chomangira chinanso. Iwo akufuna ya 60 pompano. Ine ndikuti tiyeze kaye kulemera kwa mphuno ya kalavani itapakiridwa monga idzakhalire pa ulendo, mabotolo a gasi ndi madzi zili momwemo. Sikelo ya kubafa ikukwana: mtengo wodulidwa kuti chokolekera chiime pa msinkhu wa kampira kachitsulo kokolekapo kalavani kumbuyo kwa galimoto, kathabwa pa sikelo, matayala otchingidwa, miyendo yonse ili m'mwamba. Kagudumu kamasenza koposa nambala imene ituluke, poti kali pafupi ndi ekiselo kusiyana ndi chokolekera, ndiye pamafunika kusiyako mpata.

Za gudumu lake lenilenilo ndiye sitinagwirizane n'komwe. Lopopa limayandama bwino pa mchenga koma limabooka ndi minga ndipo limapezeka litaphwa tsiku lomwe mukulifuna. Lolimba lotambalala silibooka, koma pa mchenga wouma limakumba ngati kalavani yalemera kutsogolo, pokhapokha muliyendetse pa thabwa. Iwo akuti lopopa. Ine ndikupendekera ku lolimba ndi thabwa lalitali, komabe zidalira sikelo. Akuti abwera ndi kalavaniyo Loweruka itapakiridwa, ngati mwana wawo apezeke ndi galimoto yokokera.