Zikomo kwa amene munaima nafe usiku wa moto uja

Lero oyendera za chitetezo cha moto asayina mapepala awo, ndipo ana athu abwerera mu wodi yawo. Patha masabata 3 tikugwirira ntchito m'chipinda chobwereka, mothinana. Ndafika kunyumba thupi lonse likuphwanya, yunifomu sindinavule n'komwe, koma tulo sitibwera ndisanathokoze. Zimene zinachitika ambiri mukuzidziwa kale, sindizibwereza zonse. Usiku umene moto unabuka mu wodi ya makanda ya chipatala chathu, munali makanda 9 obadwa masiku asanakwane, ndipo onse ali moyo. Mulungu alemekezeke.

Ndiyambe ndi bambo athu a zamagetsi. Munandiletsa kutchula dzina lanu, ndamvera, koma aliyense wogwira ntchito nafe akudziwa amene ndikunena. Bambo, ine ndinali mmodzi mwa okudandaulani. Mwezi uliwonse munkabwera kudzatichenjeza kuti mukuyesa jenereta, ife n'kumang'ung'udza kuti mukutisokoneza. Munkatiyankha modekha kuti kungoiliza jenereta isanasenze kanthu si kuyesa ayi. Iyenera kuyendetsa makina enieni kwa mphindi zosachepera 30, ndipo magetsi akathima iyenera kukhala italowapo pasanathe masekondi 10. Munkatitchulira miyezo ya NFPA 110, malamulo a ku America a kasamalidwe ka majenereta othandiza magetsi akathima, ngati mmene ife timatchulira mayina a mankhwala. Munkatiuzanso kuti jenereta zambiri zimakana kulira chifukwa cha kanthu kakang'ono, batire yoilizira yafooka, kapena dizilo wakhalitsa m'thanki mpaka walowa madzi. N'chifukwa chake sabata iliyonse tinkakuonani mutawerama kumeneko ndi kabuku kanu kothimbirira kaja.

Ndiye bokosi la maswichi la kumapeto kwa kolido litayamba kufuka utsi, nyali zonse zinathima. Ndinangomva ma alamu a ma incubator, mabokosi ofunditsira makanda, akulira mumdima. Ndisanapeze tochi, masoketi ofiira olumikizidwa ku jenereta anali atayaka kale, makina a CPAP othandiza makanda kupuma akugwira ntchito ngati palibe chachitika. Masoketi omwewo amene munalimbana zaka kuti akhale ndi mawaya awoawo, amene munkatizulira machaja a foni ndi ketulo n'kutiuza kuti awa ndi a moyo wa wodwala basi. Bambo, mutikhululukire.

Sindidzaiwala mlonda wathu akuthamanga ndi ndowa ya madzi. Mtima wake unali wabwino, koma madzi pa mawaya amoyo akanamupha pomwepo. Inu munamugwira mkono, n'kukadula kaye magetsi a bokosilo, kenako n'kutenga chozimitsira moto cha CO2, chija sichiyendetsa magetsi komanso sichisiya ufa pa makina. Apo m'pamene munapsa dzanja. Simunatiuze, tinazionera tokha kutacha.

Koma chimene chikundigwetsa misozi mpaka pano ndi nkhani ya okosijeni. Munatiphunzitsa kuti okosijeni payekha sayaka, koma akachuluka m'chipinda amakolezera moto mwakuti nsalu ya pabedi imanyeka ngati pepala. Choncho valavu ya mapaipi a okosijeni a wodi yathu inayenera kutsekedwa msanga. Munaima pa valavupo, utsi uli m'maso, dzanja lili pachotsekera, koma simunatseke. Munakuwa kuti, "Sisita, nonse mwawaika pa masilinda?" Anatsala mmodzi, kamtsikana kochepetsetsa mu wodi monse. Munadikira mpaka ndinakuyankhani. Munthu wina wamantha akanangotseka, ndipo palibe akanamuimba mlandu.

Chitseko chotchinga moto chija ndichitchulenso. Kangati munachotsa mpando umene tinkachitchingira nawo kuti matrole azidutsa mosavuta? Madzulo a tsiku lomwelo munali mutauchotsanso. Chitsekocho chinagwira utsi mbali imodzi, ife n'kusamutsira ana mbali inayo, pansanjika yomweyo, osatsika masitepe, osakhudza lifiti, monga tinayeserera. Mapapo a khanda la kilo imodzi sangapirire utsi ngakhale wochepa. Ndimakumbukira mmene tinakhalira chete mu May 2022 titamva za makanda 11 amene anafera m'moto pachipatala cha ku Tivaouane m'dziko la Senegal, ndi za anthu oposa 80 amene anafa ku Baghdad mu April 2021 silinda ya okosijeni itaphulika mu wodi ya odwala Covid-19. Nthawi imeneyo tinkati ndi zakutali. Usiku uja ndinanunkhiza ndi mphuno yanga kuti si zakutali.

Amayi a ana athu, zikomo. Palibe anathawa yekha, palibe anakuwa mosokoneza. Munatenga ana anu n'kuwaika pachifuwa, khungu kwa khungu, mpaka ma incubator atalumikizidwanso. Kutentha kwa matupi anu kunagwira ntchito ya makina. Mng'ono wanga namwino amene wangoyamba ntchito chaka chino, unapopa ambu bag, kathumba kopopera mpweya m'mapapo a khanda, osaphonya ngakhale manja akunjenjemera, ndakunyadira kwambiri. Mayi athu okolopa amene munatiunikira njira ndi tochi ya foni, alonda, anamwino a wodi yoyandikana nayo amene munatipatsa malo osafunsa chilolezo kwa wina aliyense, ozimitsa moto amene munafufuza m'denga monse ngati mwatsala kamoto, Ambuye akudalitseni. Kunyumba kwanga nakonso, zikomo pondipirira masiku amene ndinkadzidzimuka usiku ndikumva fungo la mawaya opsa.

Alipo ena amene tinawaimbira usiku umenewo, foni n'kumangoitana. Anafika dzuwa litakwera, funso lawo loyamba n'kukhala la lipoti, osati la ana. Alipo amene pempho la zida zodziwira utsi linagona pa tebulo pawo miyezi yambirimbiri, koma moto utachitika linasayinidwa tsiku limodzi. Sindikusunga chakukhosi, ndipo ndikupemphera kuti Mulungu andithandize ndisasunge. Kungoti zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Bambo, ndabwereranso kwa inu. M'masabata atatuwa simunapume ngakhale tsiku limodzi. Mawaya atsopano, zida zodziwira utsi m'chipinda chilichonse, nyali za batire zimene munaziyesa mpaka zitayaka mphindi 90 zonse, zozimitsira moto zodzazidwanso ndi zomatidwa madeti, zonsezo mwachita ndi dzanja lomanga bandeji. Oyendera atamaliza lero, anthu ankagwirana chanza mu ofesi, inu munali kale ku jenereta mukuyeza batire. Ndinakutsatirani kuti ndikuthokozeni pamaso, koma mawu anandithera pakhosi, n'chifukwa chake ndalemba pano.

Abale, muwakumbukire m'mapemphero kuti dzanja lawo lipole bwino, zala ziwiri sizikupindikabe. Lachinayi akubwera kudzayesa jenereta, ndipo ndakonza kale kuti anamwino onse a wodi yathu, a usana ndi a usiku omwe, adzakhalepo. Mpando uja ndautulutsa ndekha.