Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kamera pa phulusa la chilumba cha Deception

Gawo lapitali ndinakusiyani padoko la Ushuaia ku Argentina, nditavala jekete ya salaula yochokera ku msika wa Kapata ku Chipata. Kuchoka pamenepo sitima imadula nyanja ya Drake masiku awiri kuti ifike ku zilumba za South Shetland, pafupi ndi Antarctica, kumene kuli Deception.

Chilumbachi ndi phiri lophulika limene linagwa pakati, nyanja n'kudzazamo. Polowera ndi pamodzi pokha, pa Neptune's Bellows, mpata wa mamita pafupifupi 230 wokhala ndi mwala wobisika m'madzi, Ravn Rock. Tulukani panja sitima isanafike pampatapo, ndipo shutter (nthawi imene kamera imatseguka pojambula) ikhale pa 1/1000 ya sekondi kuti chithunzi chisagwedere, popeza pansi pomwe mwaimapo pakunjenjemera ndi injini.

Ambiri amaopa kuzizira, koma kumeneko n'kosavuta. Batire imatha msanga, choncho tengani atatu, awiri akhale m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi. Chimene chimapha kamera ndi phulusa. Gombe la Whalers Bay, m'kati mwa chilumbachi, ndi lakuda bii, ndipo mphepo ikaomba, timchenga take timalowa paliponse kuposa fumbi la ku Chipata mu Okutobala. Musasinthe lenzi pamtunda ngakhale kamodzi. Sankhani imodzi mukadali m'sitima. Ya 24–105mm imakwanira kujambula matanki adzimbiri a fakitale ya anamgumi ya Hektor, imene inagwira ntchito kuyambira 1912 mpaka 1931, komanso nyumba za a ku Britain zomwe matope anaziwononga phiri litaphulika mu 1969. Phulusa likamata pagalasi, liwuzireni ndi kapampu ka mphira. Kupukuta ndi nsalu kumakala galasi, chifukwa timchengato n'takuthwa.

Mchenga wakudawo umanamizanso kamera. Imaona ngati kwada, n'kuwalitsa chithunzi mpaka chipale chofewa cha m'mapiri chimangoti mbee, osaoneka mizere yake. Tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera) pa -1 ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosavuta kukonza pambuyo pake.

Madzi akaphwera, gombe limafuka nthunzi chifukwa pansi pakadali moto. Imani mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, apo ayi nthunziyo ikuta lenzi. Chikwama chisakhudze pansi, jombo zimatsukidwa ndi mankhwala potsika ndi pokwera, ndipo mbalame za penguin musaziyandikire kuposa mamita 5. Malamulo amenewa ndimawalemekeza kwambiri, pakuti matenda a mbalame amayenda pa nsapato zathu.

Pobwerera, tsekerani kamera m'pulasitiki musanalowe m'sitima, n'kuisiya maola awiri. Mukaitulutsa msanga m'chipinda chofunda, imachita thukuta mpaka m'kati mwa lenzi, ndipo chinyezicho chikakumana ndi phulusa lija chimasanduka matope. Khadi la zithunzi ndiye mulichotse muli panja, kuti muyambe kukopera pa kompyuta kamera ikufunda.